Musandiuze Mathero

A Nangondo analota masana dzuwa likuswa mtengo, atangotsamira khoma pakhonde pawo ku Zingwangwa. Analota ali ku kanema. Holo yake inali kuseri kwa chitseko cha bafa lawo lomwe, ndipo sanadabwe. Anangodandaula kuti zaka zonsezi akhala akuvutika ndi maminibasi pachabe.

Filimu inali ija ya alendo ochokera ku nyenyezi, imene anaionera ali mtsikana, koma yojambulidwanso mwatsopano. Mu yakale ija chombo cha alendowo chinali ngati mbale ziwiri zovundikirana, ulusi wochipachikira uli poyera. Chatsopanochi chinakula moti mchira wake unatulukira pawindo n'kutseka msewu wa ku Limbe.

Mpando unawapatsa moni. "Khalani, mayi. Mnzanga wapambaliyu ali ndi mwini wake."

Mwini wakeyo anali a Gelesomu, malemu amuna awo. Anafika atavala jekete imene anaikidwa nayo m'manda, yositidwa bwino. Mtima wa a Nangondo unadumpha ndi chimwemwe, kenako unagwa, chifukwa bambo ameneyu ankamudziwa. Chikwatiwire sanadzionerepo okha mathero a filimu. A Gelesomu ankayamba akaonera okha, mawa lake n'kutenga akazi awo kukawaululira zonse: uyu afa, uyu ndi kazitape, galuyu musamudere nkhawa. M'kamwa mwawo simunkagona mawu.

"Bambo a Takondwa, mwafika bwino," anatero a Nangondo. "Koma lero mukhale chete. Iyi ndikufuna ndione ndekha."

"Ndamva, mayi. Kumene ndili tinaphunzira kusunga pakamwa."

Chombo chinatera. Alendo anatsika, obiriwira ngati mpiru, miyendo itatuitatu. Asilikali a mufilimu anawalozetsa mfuti. Mkulu wa alendowo sanawalabadire. Anatuluka pa chinsalu choonetserapo, anavula nsapato zitatu zonse, anayenda pakati pa mipando mpaka pamene panali a Nangondo, n'kugwada akuwomba m'manja.

"Odi kuno, mayi. Kwathu moto wazima. Tabwera kudzapala."

"Ulendo wonsewu? Palani, bambo, moto samana."

Anatsegula kachikwama kawo, napeza mbaula ikuyaka bwinobwino, n'kumuikira makala paphale. Asilikali aja anachita manyazi. Mfuti zawo zinasanduka nzimbe, ndipo anakhala pansi n'kuyamba kusenda. Amayi a m'holo anaimba nthungululu.

A Gelesomu ankangotembenuka pampando ngati alowedwa ndi linthumbu.

"Yakale ija sinkatero," anadandaula. "Apa panayenera kuphulika."

"Ndiye kuti chotsatira simukuchidziwa?"

"Sindikuchidziwa, mayi."

A Nangondo anaseka mpaka misozi. Anagwira dzanja la amuna awo, ndipo awiriwo anaonera limodzi, onse osadziwa kanthu. Kukoma kotere anali asanakumvepo m'banja lawo lonse.

Filimu ili pafupi kutha, mlendo uja anasuzumira pakhomo la chombo n'kunena kuti adutsira kumene a Gelesomu amakhala tsopano, ngati akufuna angakwere nawo. Malemuwo anaimirira, anamanga mabatani a jekete, anatsazika mwaulemu. Phazi limodzi lili kale m'chombo, anacheuka. Nkhope yawo inali kuwala, kuwala kuja a Nangondo ankakudziwa bwino, kwa munthu amene nkhani ikumuyabwa.

"Komabe ilipo imodzi imene ndinaonera kale. Kwathu kuja amaionetsa kawirikawiri. Ndi yanu, mayi, ya moyo wanu. Kumapeto kwake..."

A Nangondo, amene mawondo ankawavuta, analumpha mizere yonse ya mipando kamodzi n'kamodzi, n'kuwatseka pakamwa ndi chikhatho. Panali pofunda. Mantha anawagwira zenizeni.

"Mukangonena, sindidzakulotaninso."

A Gelesomu anagwedeza mutu, maso ali pansi. A Nangondo anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Chitseko chinatsekeka, chombo chinanyamuka, ndipo iwo anapuma. Chili kale pamwamba pa phiri la Soche, windo linatseguka, mutu wa dazi unatulukira.

"Ndi yaitali!" anakuwa a Gelesomu. "Anthu amapita kukadya n'kubwerako ikadali pakati!"

A Nangondo anadzidzimuka pakhonde paja, chibakera chili m'mwamba.

"Bambo uyu ndi imfa yomwe yamulephera," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Kenako anadzuka, anatenga khasu, n'kupita kuseri kwa nyumba kukadzala mango, mtengo wochedwa kubereka.