Mphini za Pamkono wa Esnath

Esnath adalonjeza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, atagwada pakhonde la nyumba ya mishoni ku Ntcheu, mkono wakumanja utatupa ngati chigubu. Bambo ake, a Lazarus Chimbalanga, anali othandizira dokotala pa kachipatala ka mishoniyo. Iwo atapita ku msonkhano ku Blantyre, mayi ake adamuzembetsera kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri chifukwa mkonowo unkachita dzanzi. Sing'angayo adamutema mphini ndi lumo limene linali litatema kale theka la mudzi, ndipo mabala adachita mafinya.

A Lazarus atabwera adatsuka mafinyawo ndi manja awo. Atamaliza kumanga bandeji ndi pamene adayankhula.

"Nena pamaso panga. Munthu wosakhala wachipatala asadzaboolenso khungu lako, kaya ndili moyo, kaya ndafa."

"Ndalonjeza, ababa."

Ndipo adasungadi lonjezolo. Anzake ku sukulu ya unamwino akamasokerera tizithumwa m'mipendero ya yunifolomu polowa m'mayeso, iye ankangotenga cholembera. M'chaka cha 2001, pamene dziko lathu lidayamba kutumiza anamwino kunja monga limatumizira fodya, wabwino kukwera ndege, zinyenyeswa kutsala, Esnath adafikira ku Liverpool, ku wodi ya okalamba. Chaka chotsatira a Lazarus adamwalira. Maliro adawamvera pa telefoni ya m'khonde la chipatala, nabwerera kukasintha matewera a nkhalamba za eni ake.

Mu 2004 mkono womwe uja udakana. Phewa lidauma ngati chitseko cha dzimbiri. Kupesa tsitsi, kumanga duku, zonse zidasanduka nkhondo, nanji kutembenuza wodwala pabedi. Mapilitsi adamwa, jakisoni wa m'phewa adabayitsa kawiri, koma mkono uli chiumire. Kenaka idabwera kalata yaulemu, ya mtundu uja Angerezi amakuphera nawo akumwetulira: Lachinayi akamuyeza, ndipo mkono ukapanda kukwera kupitirira phewa, amuchotsa pawodi. Chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chidamangiriridwa pa ntchito yomweyo.

"Imwe a Esnath, muzafa na ulemu," adatero Diana, namwino mnzake wa ku Chipata, ali m'basi pochokera kuntchito. "Kuli amayi ena a ku China ku Nelson Street. Ine ananichiritsa msana."

"Sing'anga ameneyo."

"Sing'anga wa chani? Ni masingano chabe. Imwe simulasa anthu masingano tsiku lililonse?"

"Ine ndili ndi satifiketi."

"Iuzeni satifiketiyo ikweze mkono tione."

Esnath adavomera kupita, koma kukangoona basi.

Loweruka masana, kamvula kowaza ka ku mtsinje wa Mersey kali waa, adadutsa pansi pa chipata chachikulu cha zinjoka zagolide cholowera kudera la anthu a ku China, nakwera masitepe opapatiza pamwamba pa sitolo ya mpunga. Fungo ndi limene lidamulandira: mizu youma, makungwa, utsi wa chitsamba chotenthedwa. Ankalidziwa fungolo. Adalisiya kuseri kwa phiri zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, ndipo lidafika ku Ulaya iye asanafike. Adafuna kubwerera, koma Diana ndi thupi lake adali atatseka masitepe onse.

Mayi Leung anali kamayi kakafupi, kaimvi, kovala juzi yobiriwira yoluka pamanja. Sadafunse kalata ya dokotala. Adakhazika Esnath pampando, naika zala zitatu pamtsempha wa padzanja lake, natsinzina. Esnath adawerenga mitsempha ya anthu moyo wake wonse, maso ali pawotchi. Mayiwa analibe wotchi. Ankamvera, ngati munthu amene waika khutu panjanji kuti adziwe ngati sitima ili kubwera. Adasintha dzanja. Adapempha kuona lilime.

"M'mimba mwanu mumauma masiku atatuatatu," adatero m'Chingerezi chodukaduka. "Ndipo alipo amene mudamutaya, koma simudamulire."

Esnath adamuyang'ana Diana ndi diso loyaka.

"Ine sininakambe kanthu, Mulungu aone!" adatero Diana. "Za m'mimba mwanu ningazizibe bwanji?"

Pakhoma panali chithunzi cha munthu wamaliseche wopanda manyazi, thupi lake lonse lili mizeremizere yofiira ndi yobiriwira, ngati mapu a mitsinje. Mayi Leung adaloza ndi pensulo. Adati mphamvu ya moyo imayenda m'njira khumi ndi ziwiri zikuluzikulu, ndipo ikatsekeka pena, kumtunda kumasefukira, kumunsi kumauma. Ntchito yawo inali yotsegula pamene patsekekapo kuti mbali zonse zilingane. Njira imene idatsekeka mwa Esnath inali ya matumbo aakulu: imayambira ku chala chamkombaphala, kukwera ndi mkono, kudutsa paphewa ndi pakhosi, kukathera pambali pa mphuno ya mbali inayo.

Esnath adaseka. "Matumbo paphewa? Mayi, ine ndaonapo mimba zotsegulidwa kambirimbiri. Sindidaonemo msewu wopita kuphewa."

"Vulani juziyo," adangoyankha choncho.

Diana adamuthandiza kuvula. Mkono udaonekera, ndi timizere take takuda tiwiritiwiri timene Esnath ankatibisa ndi malaya aatali manja ngakhale m'chilimwe: padzanja, pachigongono, pansonga ya phewa, pambali pa khosi.

Mayi Leung adawerama pamkonopo. Adakonza magalasi. Adayendetsa chala kuchokera pa mphini ya padzanja kukafika pa ya pachigongono, nayang'ana pakhoma, nayang'ananso pamkono. Adayeza ndi m'lifupi mwa zala zawo, kuwerenga chamumtima m'chinenero chawo.

"Adakulembani izi ndani?"

"Munthu wina wa kumudzi. Mbuli. Ngakhale dzina lake sankatha kulemba."

"Adapitapo ku China?"

Diana adaphulika nako kuseka. "Amayi, ngakhale ku Lilongwe sanafikeko uyo!"

Mayi Leung sadaseke. Adamuimiritsa Esnath pafupi ndi chithunzi chija, mkono wake kufupi ndi mkono wa pepala. Pamene panali kadontho kofiira padzanja la chithunzi, pa Esnath panali mphini. Pachigongono chimodzimodzi. Paphewa chimodzimodzi, osaphonya ngakhale kambewu ka mapira.

"Apa pokha," adatero akugwira pakhosi. "Adaphonya ndi chala chimodzi. Mwina mudagwedezeka."

Esnath adadzigwira pakhosi. Adagwedezekadi. Adakumbukira bwinobwino: lumo litayandikira khosi adakoka mutu, mayi ake namukalipira, sing'anga uja nadandaula kuti mwanayu wamuonongera mzere. Mawu amenewo adawaiwala mpaka tsikulo. Mkulu wa mano atatu, wovala jekete lopanda manja, wa m'kanyumba kodontha, ankatsata mzere umene anthu a kutsidya lina la dziko adaujambula zaka zikwi zapitazo. Ndipo chinanso chidatumphuka, chimene sadawauzepo bambo ake: mafinya ataphwa, dzanzi lija silidabwerenso. Iye ankati chidamuchiritsa ndi penisilini wa bambo ake.

"Khalani pansi," adatero Mayi Leung.

Adamugwira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, nakanikiza ndi chala chawo chouma ngati muzu. Poyamba udali ululu chabe. Kenaka china chake chidanyamuka. Chidakwera ndi mkono pang'onopang'ono, cholemera, chofunda, monga amayendera madzi oyamba m'ngalande ya m'dimba, kukankha zinyalala patsogolo. Chidadutsa pachigongono. Chidafika paphewa nkuima, kugunda pamenepo ngati pali mwala. Mphuno yakumanzere idayamba kuyabwa, ndipo misozi idangotsika yokha, yambiri, yopanda phokoso. Diana, amene sadakhalepo chete chibadwire, adagwira pakamwa.

"Chala chimangogogoda," adatero Mayi Leung. "Chotsegula ndi singano."

Adang'amba kapepala komata, natulutsa singano zowonda ngati tsitsi la mzungu, naziyala pa kambale koyera.

"Sindibaya munthu asananene yekha."

Esnath adapukuta kumaso ndi dzanja lamanzere. Kunja basi idadutsa, mazenera nanjenjemera.

"Mayi, ndifunse. Kodi inu ndinu a chipatala? Mudaphunzirako za udokotala, kaya unamwino?"

"Ayi. Adandiphunzitsa mayi anga. Iwonso adaphunzira kwa bambo awo."

Esnath adayang'ana kambale kaja. Kenaka adanyamula mkono wakumanja ndi wamanzere, naugoneka patebulo, chikhatho chili pansi.

"Bayani."

Singano yoyamba idalowa pachigongono, pakati pa timizere tiwiri takuda, ndipo munthu wosakhala wachipatala adaboola khungu la Esnath.