Piritsi la Masana

Levison anadzuka milomo itatupa ngati walumidwa ndi njuchi, zidzolo zili mbwee pachifuwa ponse. Mkazi wake Esnati atamuona, mtima unangoti myuu. Linali tsiku lachinayi chiyambireni kumwa mapiritsi a chifuwa amene adokotala anamulembera, iye nkukagula pa famase ina ku Area 4.

"Lero musamwe, bambo a Chiso."

"Ndi matenda akutuluka amenewa," anatero Levison uku akudzikanda. "Suja achipatala amati mankhwala osasiyira panjira?"

Koma liuma la mwamuna ameneyu! Anameza piritsi la m'mawa, ena nkuponya m'kabokosi ka machesi, ulendo ku Area 11 komwe amasamalira maluwa panyumba ya bwana wina.

Esnati sanakhazikike. Anatenga paketi yotsala, nakwera minibasi atakwiya. Mu famase muja analowa osapereka n'komwe moni.

"Mwatigulitsa mankhwala achinyengo. Amuna anga atupa nkhope yonse."

A Shabir, katswiri wa mankhwala pamalopo, sanabweze moto. Anayang'ana paketiyo, nafunsa ngati bamboyo akumeza bwino.

"Phala linawavuta m'mawa."

Nkhope ya a Shabir inasintha. "Mayi, mankhwalawa ndi enieni, koma thupi la amuna anu lawakana. Piritsi lotsatira akuyenera kumwa nthawi yanji?"

"Thwelofu koloko."

Onse anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi khumi.

Esnati anaimbira foni mwamuna wake. Inangolira mpaka kuduka, paja Levison akamathirira amaisiya m'galaja. Anaimbanso, zii. Mantha anamugwira, mpaka anapeza nambala ya a Patrick, mlonda wa pageti la bwana uja.

"Alamu, thamangani mukawalande bambo a Chiso kabokosi ka machesi. Musafunse zambiri."

Pafonipo anamva nsapato zikugunda, galu akuuwa, kenako chete. Esnati anadikira foni ili kukhutu.

"Ndawapeza pampopi, piritsi lili m'manja," anatero a Patrick, ali wefuwefu. "Ndalanda, koma akupuma movutika."

"Athamangire nawo kuchipatala pompano," anatero a Shabir, akulemba dzina la mankhwalawo pakapepala. "Inu mayi, kawapatseni adokotala aka. Akachira mubwere nawo kuno."

Levison anagonekedwa masiku atatu. Adokotala ananena mosabisa kuti piritsi limenelo likanatha kumutseka pakhosi. Atatuluka, Esnati anachita kumukoka kuti apite ku famase kuja, ndipo a Shabir anatulutsa fomu.

"Zamilandu ine ayi, bwana," anatero Levison, akubwerera m'mbuyo.

"Si mlandu, bambo. Fomuyi ikupita ku bungwe loyang'anira mankhwala, ndipo dzina lanu silifalitsidwa. Malipoti otere akachuluka, amafufuza nkuchenjeza anthu." A Shabir anaweramira pansi. "Inenso ndinkaopa kuti ndikalemba adzanditsekera famase. Chaka chatha kunabwera mayi wina atatupa ngati inuyo. Ndinangomuuza kuti asiye kumwa, osalemba kanthu. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa sindidziwa kuti ena angati anatupa pambuyo pake ine ndili phee."

Levison anakhala pampando. Anafotokoza zonse: tsiku limene anayamba kumwa, pamene zidzolo zinatulukira, ndi mankhwala ena amene ankamwa. A Shabir anatumiza fomuyo tsiku lomwelo, namulembera khadi la dzina la mankhwalawo kuti azilionetsa kulikonse akadwala.

Abale anga, kumaliza mankhwala n'kofunika ndithu. Koma kutupa milomo, zidzolo ndi kubanika si matenda akutuluka ayi. Musamezenso piritsi lina, thamangirani kuchipatala, ndipo kauzeni amene anakupatsani mankhwalawo. Nanunso a ku famase, wodwala akadandaula musamangomusinthira mankhwala. Lembani lipoti, chifukwa mawa lino wina adzameza piritsi lomwelo popanda womulanda.