Kabotolo ka Zenoni Pawindo la Kukhitchini

"Usaike kapuyo patebulo," anatero a Vinko. "Ingoigwira choncho."

Nuša anaima ndi kapu ya khofi m'manja osamvetsa. Linali tsiku lachisanu chiikireni bambo ake m'manda, ndipo a Vinko, amene anagwira ntchito ndi malemuwo mu labotale zaka makumi atatu, anali atangolowa kudzaona namfedwa. Chipewa chinali chidakali kumutu. Sankayang'ana Nuša kapena amayi ake, a Zdenka, amene ankadula mkate wa mtedza. Maso awo anali pawindo.

Pawindopo a Zdenka anali atakonzera mwamuna wawo malo. Panali chithunzi cha a Ciril akutsegula botolo la vinyo m'munda, dzanja lamanzere lili kumbuyo monga mwa chizolowezi chawo. Panali kandulo wofiira wa kumanda, magalasi awo, ndi kabotolo kachitsulo kotalika ngati chitsononkho, kokhala ndi kampopi pamwamba. Kankawala mbee, chifukwa a Zdenka sanaikepo chinthu pawindo chibadwire asanachitsuke.

"Mlamu, kameneka mwakatenga kuti?" a Vinko anafunsa a Zdenka.

"M'shedi, kuseri kwa makasu. Kanali m'bokosi lathabwa. Fumbi lake, mayo ine! Ndinakanyika m'madzi ofunda dzulo."

"Munakanyika m'madzi?"

"Nanga ndikanatsukira chiyani, mowa?"

A Vinko anavula chipewa pang'onopang'ono ndi dzanja lawo lamanja, lija la zala zitatu. Nuša ankalidziwa dzanjalo kuyambira ali kamwana ndipo sanafunsepo kuti zala ziwirizo zinapita kuti.

Bambo ake anathera moyo wawo wonse pa mpweya wotchedwa zenoni, umene mabuku akale ankati sugwirizana ndi chinthu chilichonse. A Ciril ankakonda kuseka kuti ndi mpweya wonyada ngati apongozi awo. Ntchito yawo ndi a Vinko inali youkakamiza kugwirana ndi fulorini ndi okosijeni, mpaka patuluke timadzi toyera todya galasi, tosungika m'chitsulo cha nikelo chokha. Nuša ankadziwa zokhazo, zomvera patebulo podya. Pambali pa kabotoloko panali polembedwa ndi msomali: XeOF4, 1981. Chimenecho chinali chaka chimene iye anabadwa.

"Zamkatimo zimadana ndi madzi," anatero a Vinko monong'ona. "Zikakumana ndi chinyezi zimasanduka timchere toyera. Tikakhala tonyowa timangogona phee. Tikauma, ngakhale kutikhudza ndi nthenga timaphulika." Anakweza dzanja lija. "Tomwe tinachita izi tinali tochepa ngati njere zingapo za mpunga. Nuša, yang'ana pakhosi pa kampopi. Usayandikire."

Nuša anasuzumira ali pomwepo. Pakhosi pa kampopipo panali kachikanga koyera ngati mchere wouma pa mphika. Dzuwa la m'ma leveni linali litafika kale pawindo, ndipo lawi la kandulo linali pafupi ndithu. Anachita mantha enieni, mantha oti ngakhale kumeza malovu ankaona ngati kugwedeza nyumba.

"Amalume, mukutsimikiza?"

"Ayi. Mwina ndi sopo chabe wa amayi akowa. Mwinanso kampopi kanatopa, madzi analowa. Ine sindingayese, zala zatsala zochepa. Tiyeni tituluke, tiimbire ozimitsa moto abwere ndi akatswiri awo."

A Zdenka anaika mpeni patebulo mwamphamvu, mbale zinalira. Nuša anatsinzina.

"Ozimitsa moto! Kuti msewu wonse udziwe kuti Ciril ankazembetsa zinthu za kuntchito? Tamuika Lachiwiri ndi nkhata zamaluwa ndi zolankhula zaulemu, lero mukufuna amutchule wakuba?"

"Amayi, palibe amene akunena za kuba."

"Khala chete iwe. Kameneka kakhala m'shedi zaka zoposa makumi anayi, sikanaphe ngakhale khoswe."

"Kanali kouma, mlamu. Kodi pabokosipo sanalembe kanthu? Ciril ndikumudziwa ine, ankalemba ngakhale pa botolo la mchere."

A Zdenka anayang'ana kumbali. "Analemba kuti, 'Zdenka, chonde usatsuke.' Ine ndimayesa akunena bokosilo."

Tsiku lina Nuša akanaseka mpaka misozi. Makolo ake anakangana za madzi ndi sopo ukwati wawo wonse, bambo kubisa timapepala ndi tizida tawo, amayi kuzifukula n'kuzitsuka. Koma dzuwa linali likukwera pachitsulocho, ndipo kachikanga kaja kankaoneka koyera kuposa poyamba.

"Chabwino," anatero a Zdenka akupukuta manja pa epuloni. "Ndakachotsa ndine, ndikakabwezera ndekha m'shedi. Nkhani ithere pomwepo."

Anayamba kuyenda cha kuwindo ndi mayendedwe awo olemera aja, matabwa apansi akulira. Nuša sanadziwe kuti kapu anaipereka nthawi yanji kwa a Vinko. Anangozindikira ataima pakati pa amayi ake ndi windo, nkhope italoza kukabotolo, dzanja lamanzere lili kumbuyo litagwira mkono wa amayi ake zolimba.

"Ndisiye."

"Sindikusiyani."

"Nuša, ndine mayi ako."

"N'chifukwa chake. Ndaika bambo Lachiwiri, Amayi. Sindingathe kawiri. Anene kuti anali wakuba, alembe ndi m'nyuzipepala momwe, ine ndilibe nazo ntchito. Mukafuna kukagwira, muyambe mwandikankha ine."

Mkono uja unakoka kamodzi, kenaka unafooka.

"Anakapanga sabata imene unabadwa," anatero a Zdenka kumbuyo kwake, mawu atasintha. "Madokotala anali atatiuza kuti sitidzabereka. Anabwera kuchipatala asanasambe n'komwe, akuti, 'Zdenka, zinthu ziwiri zimene ankati n'zosatheka, sabata imodzi!' Ndimafuna kakhale pafupi ndi chithunzi chake, basi."

"Ndamva, Amayi. Vulani nsapato, tingagwedeze matabwa."

"Chithunzicho bwanji?"

"Chisiyeni."

Anatuluka chambuyo onse atatu, ndi masokosi okha, a Vinko akugwirabe kapu ya khofi ngati mwana wakhanda. Chitseko anachisiya chotsegula kuti chingamenyetseke. Atafika kumsewu, Nuša anaimbira foni ozimitsa moto.

Galimoto zinabwera ziwiri. Anthu a nyumba zoyandikana anatulutsidwa, ndipo anaima chapatali akulozerana, ndendende zimene a Zdenka ankaopa. Mayiwo anakhala pampanda wa eni ake, msana uli chilili, osayang'ana munthu. A Vinko analankhula nthawi yaitali ndi mkulu wa akatswiriwo, akujambula ndi chala m'mwamba. Kenaka munthu mmodzi wovala zovala zochindikala ndi chisoti analowa yekha m'nyumbamo. Mphindi zimene anakhala m'katimo Nuša anaziwerenga ndi kugunda kwa mtima. Anatuluka atanyamula chibokosi cholemera patsogolo pake, akuyenda ngati wasenza madzi odzaza.

Anapita nacho kudambo la kuseri kwa njanji. Cha m'ma folo kunamveka kuphulika kumodzi kouma, mawindo a msewu wonse ananjenjemera ndipo akhwangwala anabalalika m'mitengo. A Vinko anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Sanali sopo," anatero.

A Zdenka anayang'ana manja awo amene dzulo anapukuta kabotoloko ndi kansalu, n'kuwabisa pansi pa epuloni.

Atawalola kubwerera m'nyumba, kandulo anali atazimitsidwa ndipo pawindo panatsala kabwalo konyowa. A Zdenka anatenga chithunzi chija, anachiyang'ana, n'kumupatsa Nuša.

"Taona mmene unaimira lero. Yang'ana pansipo."

Nuša ankachidziwa chithunzicho moyo wake wonse. Ankayesa kuti bambo ake ankaika dzanja kumbuyo potsegula chilichonse, ngakhale botolo la jamu, kuti kukaphulika atsale ndi dzanja limodzi. Anachibweretsa pafupi ndi maso. Kuseri kwa miyendo ya a Ciril, pakati pa udzu, pankaoneka tinsapato take tiwiri tofiira ta paubwana, ndi kachigongono ka mwana amene dzanja lija linamugwira kuti asatuluke kutsogolo.