Mphindi Zitatu Zimene Anadula

Bambo anga, amene anthu ankawatchula mwaulemu kuti Si Boujemaa, tinawaika m'manda mu Marichi, koma mu Novembala anayambanso kulankhula.

Ndinawamva koyamba mu takisi ndikuchokera ku Oujda kokagula mankhwala a amayi. Tinali titapanikizana anthu asanu ndi mmodzi, mawindo onse otseka chifukwa cha mphepo. Bambo wina amene anakhala kutsogolo anatobwanya foni yake, ndipo munatuluka mawu: "Abale anga, malasha si nkhuni. Malasha safuna phuma." Kenako kachifuwa kaja, kouma, kamene tinakhala nako m'nyumba zaka khumi ndi ziwiri.

"Mdala ameneyu ndi dolo," anatero dalaivala. "Mkazi wanga amamumvera kuposa ine."

Anthu anaseka. Ine ndinafumbatira thumba la mankhwala mpaka tinafika kwathu ku Jerada. Sindinawauze kuti ndine mwana wake.

Bambo anagwira ntchito mumgodi waukulu mpaka unatsekedwa, kenako m'mayenje amene anthu amakumba okha kuseri kwa phiri. Fumbi linawadya mapapo. Atalephera kutsikanso pansi anapeza pothera tsiku: gulu la pa Watsapu lotchedwa Moto Wathu. Munali anthu a m'tauni muno, a midzi yozungulira, ndi ana awo okhala ku Spain amene amadera nkhawa makolo nthawi yachisanu. Ankakambirana za mbaula zachitsulo za m'nyumba, za mapaipi otulutsa utsi, za malasha abwino ndi odzaza miyala. Munthu akafunsa za gasi ankamuseka kuti wayamba uzungu. Bambo sankadziwa kulemba, choncho ankajambula mawu. Uthenga umodzi, wophunzitsa kuyatsa mbaula ndi kusunga moto mpaka m'mawa, ndi umene unawatchukitsa. Ine nthawi imeneyo ndinali pa ntchito ku Oujda, ndipo sindinaumvere n'komwe.

Nditabwerera kudzakhala ndi amayi, adokotala anati chifuwa chawonso chayamba kulira. Ndinaitana anthu kudzazula mbaula, bowo la paipi anamata ndi simenti, ndipo ndinagula chotenthetsera cha gasi. Amayi, a Yamna, sanatsutse. Ankangokhala pafupi nacho atafunda mabulangete awiri n'kumati, "Hadda mwanangu, kamoto kabuluu aka kamangonyambita khungu. M'mafupa sikafika."

Chisanu chitalimba, mawu a bambo anadzaza tauni. Ndinkawamva pa mzere wogula buledi, kwa wometa tsitsi ndikamadutsa, pa bwalo la mzikiti Lachisanu. Aliyense wolowa kumene m'gulumo akafunsa kuti ayambe bwanji, anthu khumi ankamuponyera uthenga womwewo. Anthu amene anali atasiya malasha kalekale anayamba kufukula mbaula zawo zakale m'zipinda zosungira katundu. Aneba athu a Mbarka anali m'gulu la amenewo, ndipo khoma lotilekanitsa ndi lopyapyala.

Tsiku lina masana ndikusenda mbatata, mawu analowa kudzera m'khomamo. "Pansi muike timitengo touma, osati mapepala okhaokha."

"Timitengoto unkatola ndiwe?" anayankha amayi ali pa mkeka wawo. "Si ine ndinkatola?"

Ndinaima ndi mpeni m'manja. Amayi anali atatembenukira kukhoma, nkhope ili yowala, ngati munthu amene mwamuna wake wangolowa kuchokera ku msika.

"Amayi, ndi foni ya a Mbarka imeneyo."

"Ndikudziwa. Sindinapenge. Koma akunena zoona. Nyumba ino yazizira chichokereni mbaula ija. Makoma akutuluka thukuta. Iye akanakhalapo sakanalola."

Kuyambira tsiku limenelo sanandipatse mpata. M'mawa uliwonse ankafunsa kuti mbaula ija ndinaiika kuti. A Mbarka akabwera kudzamwa tiyi ankathira mafuta pamoto. "Tauni yonse ikuwotha moto wa Si Boujemaa, mkazi wake yekha akunjenjemera. Iwe Hadda, manyazi ulibe?"

Ndinapempha kuti andilowetse m'gululo, ndipo ndinalemba kuti ndine mwana wa malemu, kuti malasha omwewo ndi amene anawapha, ndipo ndikupempha kuti asiye kutumizirana mawu awo, awalole apume. Mayankho anabwera ngati matalala. Ena anati Mulungu awachitire chifundo bambo anga, koma mawu abwino alibe mwini. Wina anati, "Achemwali, mukatigulire gasi tonse, tisiya lero lomwe." Wina wa ku Spain anati mayi ake akugona mofunda chifukwa cha bambo anga, ine ndine ndani. Winanso sanalembe kanthu, anangotumizanso uthengawo pansi pa mawu anga. Ndinatseka foni.

Mu Januwale, tsiku lina dzuwa litangopendeka, kunabwera mayi wina atavala zoyera za unamfedwa. Anali wa msinkhu wa amayi, wamfupi, milomo yosweka ndi mphepo. Anati dzina lake ndi Fettouma, wachokera ku Touissit, ndipo wafunsira nyumba ya Si Boujemaa kuyambira pa siteji. Mkazi amene sanamalize masiku ake olira satuluka m'nyumba popanda chifukwa chachikulu, choncho tinamulowetsa osafunsa zambiri.

Anakana kukhala pafupi ndi chotenthetsera. Anakhala cha kukhomo.

"Amuna anga a Kaddour anamwalira masabata atatu apitawo," anatero. "Tinagona awiri. M'mawa mwana wa mchimwene wanga anathyola chitseko. Ine anandikokera panja ndinadzuka kuchipatala. Iwo sanadzuke."

Amayi anamupepesa monga mwa mwambo. Iye anangogwedeza mutu.

"Sindinabwere ndi mlandu, mayi. Ife tinali a nkhuni moyo wathu wonse. Chaka chino nkhuni zinasowa, mwana wathu wa ku Almeria anatilowetsa m'gulu lija. A Kaddour anaumvera uthenga wa amuna anu mwina kakhumi. Anachita zonse monga ananenera, sanaphonye ngakhale chimodzi. Ndiye ndimafuna ndidziwe kuti tinalakwitsa pati. Usiku sindigona, ndimangowerenga zimene tinachita."

Anatulutsa foni m'chikwama n'kuiika pa thebulo pakati pathu. Aka kanali koyamba kuti ndiumvere uthenga uja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bambo anafotokoza za timitengo, za malasha akuluakulu pansi, za kudikira utsi wachikasu uthe. Kenako anati, "Mukafuna kugona, kwirirani moto ndi malasha osalala, mutseke kachitseko ka pansi, mutsekenso kachitsulo ka m'paipi." Anayamba kutsokomola, ndipo uthenga unathera pomwepo.

"Tinatseka," anatero a Fettouma. "Zonse ziwiri."

Amayi anali atawongoka. "Wazimitsa bwanji? Sanamalize."

"Wathera pomwepa, amayi. Mphindi zinayi."

"Ayi. Ndinalipo ine. Anakhala apo, pamene pali iwepo. Chifuwa chinamugwira, ndinamubweretsera madzi, atamwa anapitiriza. Ine ndinkayesa a Mbarka ndi amene amazimitsira panjira akatopa nazo."

Foni ya bambo inali m'kabati, m'kabokosi momwe munali mikanda yawo yopempherera ndi khadi la ku mgodi. Inali isanayatsidwe chimwalirireni. Ndinailumikiza ku magetsi ndipo tinakhala tikuiyang'ana. Amayi anafulula tiyi, anabweretsa buledi ndi mafuta a olivi, koma palibe anadya. Patapita nthawi galasi lake losweka linawala. Ndinafufuza mpaka ndinaupeza uthenga uja. Unali wa mphindi zisanu ndi ziwiri.

Ndinaudumphitsa kufika pa chifuwa paja. Anatsokomola nthawi yaitali, yaitali kwambiri, moti munthu wosawadziwa akanati basi zatha. Kunamveka mapazi, kapu ikugunda mano, ndi mawu a amayi chapatali: "Siya foniyo, udzafera pomwepo." Bambo anapuma mwaphuma kangapo, kenako anabwerera.

"Pepani abale. Ndimati kachitsulo ka m'paipi mutseke theka lokha. Theka, mwamva? Mukatseka konse, mpweya woipa ubwerera m'nyumba, ndipo ulibe fungo, sudzutsa munthu. Windo musiye kampata kolowa zala ziwiri, ngakhale kunja kugwe chisanu chotani. Ndanyamulapo anthu atatu ine ndi manja angawa, onse anagona bwinobwino. Mutu ukayamba kuwawa, tulukani panja, musati ndigone kaye." Anapumanso. "Ndipo amene angathe kupeza china chowothera, apeze. Mwamva nokha chifuwa changachi. Ine malasha ndimawadziwa, sindinati ndimawakonda."

Uthenga unatha. M'chipindamo munangotsala kaphokoso ka gasi.

A Fettouma anakhala osagwedezeka, manja ali pa maondo. "Theka," anatero motsitsa. Patapita kanthawi anati, "Windo lija ndinamata ndine. Ndi nsanza, kuti mphepo isawalowe m'chifuwa."

Amayi anadzuka pa mkeka wawo, anapita kukakhala pansi pafupi naye cha kukhomo kozizira kuja, n'kumufunditsa limodzi la mabulangete awo. Ndinawasiya choncho mpaka nthawi ya takisi yomaliza itayandikira, ndipo ndinamuperekeza mlendoyo ku siteji.

Tsiku lomwelo ndinautumiza uthenga wonsewo m'gulumo, ine yemwe ndinkapempha kuti bambo atonthole. Ndinalemba zimene zinachitika ku Touissit osatchula maina. Woyang'anira gulu anandiimbira akulumbira kuti si iye anadula, kuti anaulandira uli choncho. Palibe anavomera kuti ndiye anadula. Mwina anali munthu wofuna kuthandiza, amene anaona kuti anthu samvera zinthu zazitali, kapena anamva chisoni ndi chifuwacho. Anthu ambiri anathokoza. A Mbarka anabwera akulira, anati nawonso akhala akutseka konse, ndipo mutu wakhala ukuwawawa m'mawa uliwonse.

Koma wamfupi uja unali utapita kale kutali, m'magulu ena amene sindiwadziwa, m'mafoni a anthu a ku Figuig ndi kumapiri. Patangotha masiku anayi, munthu watsopano anafunsa m'gulu lathu lomwelo, ndipo wina anamuponyera wa mphindi zinayi. Ndinayankha ndi wautali. Mawa lake zinachitikanso. Ndinazolowera kuyang'ana foni ndisanasambe n'kumaso komwe, ndipo ndikamva mawu a bambo pa msewu ndimaima, kudikira chifuwa, kuti ndimve ngati apitirire. Kawiri ndagwirapo mkono wa munthu wosamudziwa n'kumuuza kuti pali zina zimene sanamve.

Za mbaula amayi sanazitchulenso. Lachisanu lina titadya, anandiuza kuti ndibweretse foni yanga.

"Amati satha kumvera mphindi zisanu ndi ziwiri?"

"Amatero."

"Ndiye jambula ine. Ndilankhula pang'ono, asapeze podula."

Anakonza mpango wawo ngati kuti anthu awaona, anayeretsa kukhosi, n'kuyandikitsa pakamwa pa foni.

"Ndine Yamna, mkazi wa Boujemaa. Paipi musatseke yonse. Windo musamate. Mwamuna wanga ananena zimenezi, inu simunamve."

Anandiyang'ana. "Zakwana?"

Ndinati zakwana. Anandiuza kuti nditumize kaye kwa a Fettouma, awone ngati pali chimene chatsala, ndisanatumize kwa ena onse.