Katuni ya Mayi Zinaida

Mayi Lucia Kalonga agwira ntchito zaka khumi ndi zinayi panyumba ina yosamalira okalamba ku South Bend, m'dziko la America. M'chipinda chakumapeto munkagona Mayi Zinaida, ochokera ku Russia, amene matenda oiwalaiwala anawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira chilankhulo cha ubwana wawo. Akayamba kukuwa, mankhwala sankathandiza. Chimene chinkawatonthoza ndi katuni yakalekale yochokera pa ndakatulo za mlakatuli wina wakwawo, wolembera ana. Matenda asanakule, anafotokozapo kuti munthuyo boma linamuletsa kulembera akuluakulu, ndiye anathawira kwa ana.

Lachisanu masana kunabwera mwana wa Mayi Zinaida, bambo waimvi kale. Mayi ake anamugwira dzanja, nayamba ndakatulo ija, n'kuima pakati kuti iye amalize. Bamboyo sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe, poti chilankhulo cha mayi ake sankachidziwa. Anayang'ana Mayi Kalonga ngati kuti iwo angamasulire. Nkhalambayo inamutaya dzanja, n'kutembenukira ku katuni yake.

Makolo okhala kunja, chenjerani ndi zimene mumaletsa pakhomo. Mayi Kalonga ndi malemu amuna awo analetsa Chichewa kuti mwana wawo Upile asamasekedwe kusukulu, ndipo pa nthawiyo ankaziyesa nzeru.

Loweruka, msana ukuwawa, Mayi Kalonga anayendetsa galimoto maola awiri ndi theka kupita ku Indianapolis, kumene Upile amaphunzira udokotala. Anakumana m'kalesitilanti kena ka mumsewu wa Lafayette.

“Upile, ine ndikadzakalamba n'kuiwala Chingerezi, udzandiyankha chiyani?”

Upile anaseka, nayankha m'Chingerezi kuti masiku ano foni imamasulira.

“Foni sindinaibereke ine. Tandipatsa moni wakwathu.”

Mnyamatayo anayang'ana anthu a pamatebulo ena, kenaka lilime likulemera anati, “Mwaswera bwanji, Amayi?”

“Ndaswera, kaya iwe. Pitiriza.”

Chichewa chake chinathera pomwepo, ndipo shifiti yake ya kuchipatala inali itayandikira. Anawapsompsona pachipumi napita.

Pobwerera, Mayi Kalonga anaima pamalo omwetsera mafuta. Zinawabwerera m'mutu kuti Mayi Zinaida ali ndi katuni yawo, pamene iwo anakula osaonerapo kanema. Anatulutsa foni, najambula mawu awo akuimba nyimbo ya masewera a pasukulu ya kwawo ku Mponela, ngakhale kuti ndime yachiwiri anali ataiiwala. Anaitumiza kwa Upile, ndi uthenga wa m'Chingerezi kuti amve bwino: asaifufute, adzawayatsire tsiku limene adzayambe kukuwa.