Bokosi la Maswiti Pansi pa Njanji

Patapita masiku atatu chichitikire Idi ya nsembe ya Asilamu, mwini paki yamasewera ina yotsekedwa anatiitana kuti tikachotse zimene anthu anataya kumeneko. Mpanda unagwa kalekale, ndiye aliyense wopha mbuzi kapena ng'ombe ankabwera ndi ngolo n'kukhuthulira matumbo m'mabogi a sitima yamasewera. Ntchito zotere kuno ku Faisalabad amaitanira ife Akhristu osesa.

Sitimayo mwamuna wanga Inayat anaiyendetsa zaka khumi ndi zisanu. Inkakwera njanji yam'mwamba, kutsetsereka, kukhota, ana akukuwa mosangalala. Paki itatsekedwa, iye anatola tsache ngati malemu bambo ake. Tsopano njanji inali dzimbiri lokhalokha, akhwangwala atandanda pamwamba, mabogi atadzaza zam'mimba zotupa ndi dzuwa. Inayat akabaya ndi fosholo, chifu chinkaphulika, mphutsi n'kumwazika ngati mpunga. Ndinasanza kawiri. Kenako ndinamanga mpango pamphuno n'kumayimba salimo chamumtima, poti pakamwa sipanali potsegula.

Mwana wathu Nabila anali pafupi kutomeredwa ndi mwana wamwamuna wa Babu Fazal Gill, kalaliki wapasukulu komanso mkulu wa mpingo. Mlamu wanga Sosan, amene ankayendetsa nkhaniyo, anangouza akuchimuna kuti bambo a mtsikana amayendetsa sitima kupaki. Koma kwathu kuno akuchimuna asanavomere, amapita mosadziwitsa kukaona kumene bambo a mtsikana amagwira ntchito. Babu anasankha tsiku limeneli.

Anatulukira atavala zoyera mbee, bokosi la maswiti a chitomero lili m'khwapa, Sosan akuwatsatira nkhope ili pansi.

"Woyendetsa sitima uja ali kuti?" anafunsa Babu, kansalu kali pamphuno.

"Ndine, Babu," Inayat anayankha ali m'bogi. "Koma lero okwera onse ndi akufa."

Babu sanaseke. Inayat anatsika, napukuta dzanja pamalaya mobwerezabwereza, n'kulipereka. Babu anangoliyang'ana.

"Sosan, unandiuza kuti ndi anthu amakina. Awa ndi a m'ngalande."

"Ankayendetsadi, Babu, mufunse aliyense," anatero Sosan monong'ona.

"Mwana wanga wauma mutu, akufuna mtsikanayo basi," anatero Babu, akuyang'ana Inayat. "Chabwino. Ukwati uchitike. Koma iwe usadzaonekere kutchalitchi kapena kuphwando. Tidzati wadwala. Abale anga sadya ndi osesa."

Atatero anawerama n'kuika bokosi la maswiti pansi, pafumbi, kuti manja awo asakhudzane ndi athu.

Munthu ameneyu Lamulungu lililonse amaimirira kutsogolo atanyamula chikho cha mgonero, ndipo ife timamwera pomwe iye wamwera. Ndinayang'ana Inayat, ndipo ndinaona milomo yake ikukonzekera kuvomera. Chifukwa cha Nabila akanavomera ngakhale kubisala m'chimbudzi tsiku lonse laukwati.

"Bambo a Nabila, musayankhe," ndinatero.

Ndinatola bokosilo ndi manja anga omwewo, magazi ouma ali m'zikhadabo, n'kuwagwiritsa Babu pachifuwa. Analigwira asanaganize. Pamalaya oyera aja panatsala zidindo za zala zanga zisanu.

"Achimwene, pitani nawo maswiti anu. Amene anasambitsa mapazi a ophunzira ake sanamange nsalu pamphuno. Mwana wanga adzaperekedwa ndi bambo ake, apo ayi akhale kwathu."

"Mudzamusunga mpaka imvi," anatero Babu, natembenuka.

Sosan anawathamangira akupepesa. Inayat anakhala pamasitepe a sitima, fosholo ili pakati pa miyendo.

"Wamupweteka mwana," anatero.

"Ndikudziwa. Ndikamuuza ndekha."

Panali patatsala mabogi anayi. Tinawamaliza, tinasamba pampope wa kugeti, kenako tinauyamba ulendo wa kunyumba, kumene Nabila anali akusita diresi lake la chitomero.