Mphindi Zitatu za a Bestone

Ine ndikakwiya sindibisa, ndipo Loweruka limenelo ndinakwiya mpaka makutu kutentha. Timu yathu ya basiketi pa Mzimba Boma, Mikondo, inali itagonja kachitatu motsatizana, pabwalo lathu lomwe la simenti. Ndipo a Bestone Jere anawalowetsa patangotsala mphindi zitatu kuti masewero athe. Mphindi zitatu! Ngakhale madzi a tiyi sawira.

Dzina langa ndine Nicholas, mlangizi wa zaulimi. Kwathu ndi ku Mchinji, koma ntchito inanditaya kuno zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Basiketi sindinasewerepo, mimba siyilola, koma pakamwa pokha Mulungu sanandimane. Ndikakuwa pabwalo, akabaza a kudepoti amadziwa kuti tagoletsa.

A Bestone ndi mnzanga, msinkhu wathu ndi umodzi, zaka makumi anayi ndi ziwiri. Amawotcherera zitsulo kuseri kwa msika, ndipo mikombero iwiri imene timaponyamo mpira anawotcherera ndi iwo. Kugoletsa ayi, tisanamizane. Akaponya mpira umalowera ku Manyamula, kutali ndi Boma. Ntchito yawo ndi kutchinga. Akapatsidwa munthu woti amuyang'anire, amamumatirira ngati chisoso pa thalauza, mpaka munthuyo kuyamba kutukwana. Achita zimenezi m'timuyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Masewero atatha, masapota tinakhala pamulu wa njerwa pomwe timakhala nthawi zonse, mkangano n'kubuka.

"Imwe a Nicholas, mbwenu mukufuna munthu afere pabwalo?" anatero a Yotam, ogulitsa zitsulo za njinga, omwe Chichewa chawo chimabwera chitavala Chitumbuka. "Tsabola wakale sawawa. Mawondo anatha ajawa. Ana amasiku ano akuthamanga chomene."

"Anatha liti?" ndinakuwa. "Mwezi wa Epulo amasewera mphindi makumi atatu, inu nomwe mukuvina apa. Munthu angakalambe m'miyezi inayi? Ndi tomato?"

Ena anati kochi akukondera ana a sukulu yake. Wina anati basiketi yamakono ndi yoponya uli kutali, zotchinga zinapita ndi agogo. Ndinamufunsa kuti nanga mapointi makumi asanu ndi awiri amene atimwetsa lero alowera pati, padenga? A Yotam anati ndikulankhula ndi mtima, osati ndi maso. Ndinawauza kuti maso awo ndi a masipoko a njinga. Tinabalalika osatsanzikana.

Lolemba ndinapita ku shedi ya a Bestone ndi wilibala ya kuofesi yothyoka mwendo. Anaiwotcherera pomwepo. Atamaliza anakweza magalasi akuda aja pamphumi n'kukhala pa chitini cha penti.

"Loweruka likubwerali, ndi a ku Euthini, ndi lomaliza," anatero. "Ndikabweza jezi."

"Aaa, achimwene, musatero."

"Kukalamba sindikukana, a Nicholas. Koma andiuze. Kale ndikalakwitsa, kochi amandikalipira ngati wina aliyense. Lero sandikalipira, sandiyang'ana n'komwe. Amangondilozera benchi ndi manja awiri ngati mlendo wolemekezeka pa ukwati. Munthu akaona kuti watha ntchito sakuuza, amangokupatsa mpando wabwino."

Anaseka, koma kuseka kwake kunandibaya. Ndinamva chisoni, ndipo ine chisoni chikandigwira chimasanduka ukali. Wilibala ndinaisiya pomwepo.

Kochi wathu ndi Evance, mphunzitsi wa masamu, mnyamata wa ku Ntcheu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinamupeza pakhonde pa nyumba yake akuchonga makope. Moni ndinapereka wachidule.

"Aphunzitsi, munthu uja anakulakwirani chiyani? Ngati watha, muuzeni. Loweruka akubweza jezi chifukwa cha inu."

Cholembera chinagwa m'manja mwake. "Adada akusiya?"

"Adada ake ati?"

Ndinafunsa, koma yankho linandifika ndisanatseke pakamwa. Koma ine! Mwezi wa Meyi akuluakulu a ku Ntcheu anabwera kwa a Jere kudzafunsira Linily, mwana wawo woyamba, kuti akwatiwe ndi Evance yemweyu. Ine ndemwe ndinadya nawo nkhuku tsikulo. Zoti nkhaniyo ingafike pabwalo la basiketi sizinandidutsepo m'mutu.

"Bambo, ndikuuzeni zoona," anatero Evance, maso ali pansi. "Kuno nkhani ya ukwati imayenda ndi thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri. Thenga wathu anandilangiza kuti kuyambira tsiku limenelo ndisawatchule dzina, ndisawaloze chala, ndisawakwezere mawu. Ndipo inu mukudziwa kwathu, apongozi ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire. Tsono ndiime pamaso pa anthu onse aja n'kumakuwa kuti uje thamanga, uje wagona? Akatopa ndiwatulutse bwanji, anthu akuonerera mkamwini akuthamangitsa apongozi ake? Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndikawalowetsa patatsala mphindi zitatu, wowatulutsa ndi wezulo ya refa, osati ine."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinasiya, chifukwa mnyamatayo sankaseka. Miyezi inayi timu ikugonja, masapota tikumutukwana, iye akudziwa bwinobwino chimene chikusowa pabwalo.

"Ndiye kutchinga amatha?" ndinafunsa.

"Palibe wowaposa m'boma lino. Kwa mphindi khumi ndi zisanu, mwina makumi awiri. Kupitirira apo miyendo imakana. Vuto ndi lomwelo, pamafunika wowauza kuti basi."

"Ulemu wanuwu ukupha munthu, aphunzitsi. Kwa a Jere kuja munalankhula nokha?"

"Ayi, thenga."

"Ndiye pabenchi pakhale thenga. Inu muzinong'ona, ine ndizikuwa. Ine si mkamwini wa munthu."

Anatola cholembera chake chija. "Koma bambo, thenga sasankha uthenga. Chimene ndanena, chokoma kapena chowawa, muzichifikitsa nthawi yomweyo."

Ndinavomera msangamsanga, ngati munthu amene wapatsidwa mpando wa kutsogolo m'minibasi.

A Bestone nditawafotokozera, anaika pansi ndodo yowotcherera. Kenako anapukusa mutu. "Mwana uyu! Ine kumaonda ndi maganizo, kani ndi ulemu?" Anati pabwalo palibe apongozi, ndikamuuze. Ndinakamuuza, koma Evance anati pakamwa pake sipangatheke, thenga akhalepo basi. Za jezi a Bestone sananenepo kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Loweruka masana kunali mphepo ya Ogasiti, fumbi likuwuluka kuchokera kumsewu. Anyamata a ku Euthini anabwera pa pikapu, ndipo pakati pawo panali Louis, wazaka makumi awiri, wamtali ngati mlongoti, yemwe sabata yapitayo anagoletsa yekha mapointi makumi atatu. Ine ndinakhala pabenchi pafupi ndi kochi, nditavala jekete la kutchalitchi. Anthu ataona a Bestone akulowa ndi oyambirira, bwalo lonse linaphulika.

Abale, ndinaona zinthu tsiku limenelo. Louis akapita kumanja, a Bestone ali pomwepo. Akatembenuka, awapeza afika kale. Sankalumpha, sankathamanga kwambiri, ankangodziwa kumene mwanayo akufuna kupita iye mwini asanadziwe. Chigawo choyamba chonse Louis anagoletsa kamodzi kokha, n'kuyamba kudandaula kwa refa.

Evance ankandinong'oneza, dzanja lili pakamwa. "Apempheni adada asunthire pang'ono kumanzere."

Ine n'kuimirira. "Bestone! Kumanzere, iwe! Wagona?"

Anthu anafa nacho chiseko. Evance anabisa nkhope m'chipewa. Koma a Bestone anasunthira kumanzere, mano onse ali pamtunda, ndipo mpira wotsatira anaulanda. Ndinatembenukira kumulu wa njerwa kuja n'kukuwa, "A Yotam! Tsabola uja mwamulawa?" A Yotam anangokweza manja. Popita kopumula pakati pa masewero tinali patsogolo ndi mapointi asanu ndi atatu, ndipo ine ndinkayenda ngati ndagoletsa ndine.

"Chigawo chachitatu asewere mphindi zinayi zokha," anatero Evance. Ndinangoti eya, mtima uli kwina.

Mphindi zinayizo zisanathe, miyendo inayamba kukana. Ndinaziona. Mpira ukaima, a Bestone ankawerama n'kugwira mawondo, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Louis anawadutsa kamodzi, mpira m'kati. Maso awo ankadziwabe kumene mwanayo akupita, koma thupi linkafika mochedwa.

"Atuluke," Evance ananong'ona.

Ndinamva. Ndisaname, ndinamva bwinobwino. Koma ndinayang'ana kumbali ngati ndikufuna botolo la madzi. Ndinali nditakuwa miyezi inayi kuti munthuyu alowe. Ndinali nditanyoza a Yotam pamaso pa anthu. Ndiye pakamwa pomwepa pakuwe kuti atuluke? Ndinadziuza kuti apuma pang'ono, mphamvu zibwerera.

Louis anawadutsanso. Kenako kachitatu. Ndipo anthu omwe aja, omwe ankaimba dzina lawo mphindi zochepa zapitazo, anayamba. "Atuluke madala! Akapume madala!" Anthu ndi oipa, ndikukuuzani. Amene sanakuwe nawo ndi a Yotam. Anangokhala, chipewa chili pabondo, akuyang'ana pansi.

Kachinayi Louis anapita kumanja n'kubwerera kumanzere mwadzidzidzi. A Bestone anayesa kubwerera naye, miyendo inapingana, n'kugwa pasimenti, khu! Mpira unalowa. Anadzuka okha, pang'onopang'ono, bondo likutuluka magazi, n'kuyamba kutsimphinira kumalo awo. Sakanadzitulutsa okha, ndimawadziwa. Akanafera pomwepo.

Evance anandigwira mkono. Sananong'one. "A thenga."

Ndinaimirira. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ine, Nicholas, amene amandimva kudepoti! Evance anali atapereka kale chizindikiro kwa refa, wezulo inalira, bwalo linakhala chete kudikira kuti atuluke ndani.

"A Jere!" ndinakuwa. "Kochi akuti basi. Tulukani."

Anayang'ana kwa ine, kenako kwa kochi, n'kugwedeza mutu kamodzi. Anayenda kubwera kubenchi osathamanga. Woyamba kuwomba m'manja anali a Yotam, ataimirira pamwamba pa njerwa. Ena anatsatira, ngakhale aja a "atuluke madala", opanda manyazi. Louis naye anawomba kawiri, mpira ataupana m'khwapa.

A Bestone anakhala pafupi nane, thukuta likuyenderera, akupuma ngati mvukuto. Ndinawapatsa madzi osawayang'ana kumaso. Ndinkaopa kuti ndikawayang'ana ndilira, bambo wamkulu wa jekete.

"Mwachedwa," anatero atapezako mpweya.

"Achimwene?"

"Kochi ananena kalekale, ndinamuona akukunong'onezani. Inu mwakhalira uthenga. Mwatidyetsa mapointi asanu ndi limodzi, a Nicholas. Chisoni chanucho mukachisiye kunyumba."

Anyamata anayesetsa, chigawo chomaliza a Bestone analowanso mphindi zitatu n'kumutseka Louis kawiri, koma tinagonja ndi mapointi anayi. Masamu ake ngakhale ine wa zaulimi ndinawatha. Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Anthu anabalalika, a ku Euthini anakwera pikapu yawo akuimba. Pabenchi tinatsala atatu, ine pakati. Evance ankapinda ndi kupindanso kapepala kake ka mayina. A Bestone anamanga bondo ndi mpango, anavula nsapato, n'kuvula jezi yonyowa ija. Anaigwira m'manja nthawi yaitali, akuyang'ana mkombero wa kutsidya. Ndinadziwa kuti akaipereka, wolandira n'kuifikitsa kwa kochi ndine.

Anaifinya, thukuta likudontha pasimenti, n'kuiponya paphewa.

"A thenga," anatero, "tamufunseni kochi wanu. Lachiwiri tiyamba nthawi yanji?"

Ndinatembenuka kuti ndifikitse uthenga, koma Evance anali ataimirira kale, chipewa chili m'manja.

"Folo koloko, adada," anayankha yekha, mawu akumveka pang'ono chabe. "Ndipo... ndipo musachedwe. Sabata yatha munachedwa."

A Bestone anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Yewo, kochi," anatero, n'kuwerama kutola nsapato zawo.